Zala Zofiira za Che Bwanali

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene anatisunga m'zaka zija munthu ankadzuka m'mawa osadziwa ngati agonanso m'nyumba mwake. Ndimuthokoze chifukwa cha amuna anga, amene ali moyo ndipo akuyenda ndi miyendo yawo iwiri. Ndimuthokozenso chifukwa cha munthu amene anamutuma kuti zimenezi zitheke, munthu amene sankapemphera nafe, amene m'tchalitchi mwathu analowamo kawiri kokha, paukwati wanga ndi pamaliro a mayi anga.

Sabata ino chakwana chaka chimwalirireni amalume anga, Che Bwanali, mlongo wawo wa mayi anga. Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi. Ngakhale pano ndikuopabe, poti anthu ayambanso kunong'onezana za chisankho china, ndipo ambiri mwa amene nkhaniyi ikuwakhudza akadali moyo. Maina ena ndawasintha, ena ndawasiya dala.

Amalume anali wowenga zikhadabo. Ndikudziwa kuti ena mumwetulira. Mwamuna wamkulu, wa ndevu zoyera, wovala kofia ya Chisilamu, n'kumagwira ntchito ya atsikana a m'masaluni? Anzawo akale a kumgodi ankawaseka choncho, mpaka tsiku limene chikhadabo cha kuphazi chalowa m'mnofu, nsapato yakana. Pamenepo ankabwera motsimphina, maso ali pansi, ndipo amalume ankawalandira ndi mawu akuti, "Khalani apo, adona. Tikupakeni mtundu wanji lero?"

Ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi ku Pfupajena, ku Chegutu, ndipo ntchito ankagwirira pakhomo pa kachipindako. Zida zawo zonse zinkakwana m'kachitini ka mabisiketi: sizasi yaing'ono yopindika kunsonga, fayilo yachitsulo, timitengo ta lalanje timene ankasongola okha, ndi botolo la mafuta a nsatsi. Asanagwire munthu, zitsulo zonse ankayamba aziwiritsa m'kapoto kake kapadera. Lezala aliyense ankabwera ndi lake, ndipo pamenepa panalibe chibale, chifukwa zinali zaka zija tinkaika maliro sabata ndi sabata.

Sankafulumira. Manja a munthu ankawaviika m'beseni la madzi ofunda a sopo kwa nthawi yokwanira kuti munthuyo afotokoze mavuto ake onse a sabata imeneyo. Kenako ankapukuta chala chimodzichimodzi, n'kutenga kamtengo ka lalanje, n'kumakankhira m'mbuyo pang'onopang'ono kakhungu kaja kamene kamamera patsinde pa chikhadabo. Kakhungu kameneka sankakadula, ndipo akamva kuti wina amakadula ankakwiya ngati watukwanidwa. Ankati Mulungu anakaika pamenepo ngati chitseko, kuti dothi lisalowe kumene chikhadabo chimabadwira, ndipo wothyola chitseko cha nyumba yake asadzadabwe akadzuka chala chitatupa mafinya. Za kumanja ankazizungulizira bwino ndi fayilo, akukhutha mbali imodzi yokha, osati uku ndi uku ngati wocheka thabwa. Za kumapazi ankadula mowongoka, osalowa m'makona. Pomaliza, kadontho ka mafuta pachala chilichonse, n'kutikita mpaka khungu lofewa.

Ankabwera ndi anthu amitundumitundu. Makorokoza, aja okumba golide m'maenje, zikhadabo zitang'ambika ndi miyala. Amayi a kufakitale ya nsalu, utoto utakanirira m'mphepete mwa zala. Akwati. Koma ambiri anali okalamba a matenda a shuga, amene maso sankaonanso zala za kumapazi, ndipo kabala kamodzi ka lezala kakanawadulitsa mwendo. Amenewa amalume ankawagwira ngati mazira.

Ntchitoyi sanabadwe nayo. Anachoka kwawo ku Nyasalandi ali mnyamata, wapansi, n'kudzalowa mumgodi wina pafupi ndi Kadoma. Chifuwa chitayamba kuvuta anatuluka pansi, n'kupeza ukhukhi pafamu ina ya fodya cha ku Selous. Dona wa pafamupo anali ndi nyamakazi imene inamupinda zala, moti sizasi sankatha kugwira. Tsiku lina ataona mmene khukhi wake ankasendera mbatata, khungu lopyapyala ngati pepala, anamuitana pakhonde n'kumupatsa dzanja. Amalume ankati tsiku limenelo anatuluka thukuta kuposa pansi pa mgodi. Anasamalira manja amenewo zaka zoposa makumi awiri, Loweruka lililonse, ndipo madona a m'mafamu oyandikana anayamba kuwabwereka.

Mafamu atayamba kulandidwa, famu imeneyo inapita m'chaka cha 2002. Dona anathawira kwa ana ake kunja. Anthu a m'komboni anauzidwa kuti achoke, ndipo minda itagawidwa, iwo sanawerengedwe. Anauzidwa kuti mabhurandaya, kutanthauza ife a makolo ochokera ku Blantyre ndi kwina konse ku Malawi, apite kwawo. Amalume anafika pakhomo pathu atasenza mphasa yopempherera ndi kachitini kaja. Sindinawamvepo akutukwana dona kapena kumulira. Ankangoti mayi uja anali ndi zikhadabo zofewa ndi pakamwa pouma. Za amene anatenga famu ankati nawonso zikhadabo zawo zimakula, tsiku lina adzafuna wowawenga.

Ine ndi iwo tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse. Mayi anga anasiya Chisilamu pokwatiwa, ndipo ine ndinakula ndikupempherera amalume kuti atembenuke. Ndinkawauza poyera. Iwo anandipatsa dzina loti Abusa. Ndikabwera ndi buku langa m'manja, ankakweza mawu kuti makasitomala amve: "Bisani machimo, Abusa afika!" Kenako ankagwira dzanja langa, n'kulitembenuza, n'kupukusa mutu. Ine ndili ndi chizolowezi choluma zikhadabo ndikakhala ndi nkhawa, ndipo zaka zimenezo nkhawa inali chakudya chathu.

"Esinati, iwe umati Mulungu wako amadyetsa mbalame za m'mlengalenga?"

"Ee, amalume."

"Nanga bwanji iwe ukudya zala zako?"

Tinakangananso kwambiri pa nkhani ya zowengedwa. Amalume sankasesa zikhadabo za munthu. Ankazitolera zonse pakapepala, n'kukulunga, n'kumupatsa mwini wake m'manja kuti akakwirire yekha. Ine ndinkati kumeneko n'kulimbikitsa mantha a ufiti pakati pa anthu a Mulungu. Iwo ankati kwawo anaphunzitsidwa kuti chochokera m'thupi la munthu chimabwerera kudothi mwaulemu, ndiponso kuti munthu amene akudziwa kuti sunasunge kanthu kake amabweranso mtima uli m'malo. Sitinagwirizanepo. Komabe anthu amene sankakhulupirira ngakhale abale awo ankapereka manja awo kwa Che Bwanali.

Pamene ankamwalira, chaka chathachi, tinali titasamukira kale ku Rimuka, ku Kadoma. Anagona masiku anayi okha, chifuwa chija cha kumgodi. Anzawo a kumzikiti anabwera, anawasambitsa, anawakulunga m'nsalu yoyera, ndipo dzuwa lisanalowe anali atawaika. Akazi sitipita kumanda pamwambo wawo. Ndinaima pageti n'kumaona amuna akusinthana mapewa mpaka anakhota. Patsogolo penipeni panali amuna anga, a Laisoni, Mkhristu mnzanga, ndipo anakana kusinthidwa njira yonse. Achisilamu ena anadabwa. Chifukwa chake ndi chimene ndikufuna kufotokoza.

Lamulo la unzika litasintha, ambiri a ife zitupa zathu zinasanduka za alendo, ngakhale tinabadwira konkuno. Mlendo savota. Ine ndinakaima pamizere ku Harare mpaka ndinakana unzika wa dziko limene sindinalionepo, n'kupatsidwa chitupa chatsopano. A Laisoni analibe mapepala a bambo awo, choncho anakhalabe mlendo, monganso amuna ambiri a mumsewu wathu.

M'nyengo yozizira ya 2008 kunali chisankho chobwereza. Amene munalipo mukukumbukira. Anyamata ankayenda m'magulu, ankatisonkhanitsa pabwalo, ndipo kumapeto kwa komboni kunali nyumba ina imene ankaitcha besi, kumene munthu ankalowa ndi miyendo yake n'kutuluka atanyamulidwa. Wovota aliyense ankaviikidwa kachala kakang'ono mu inki yofiira yosafufutika. Sabata ya chisankho anyamata aja analengeza kuti tsiku lotsatira kuvota adzayenda khomo ndi khomo kuona zala, ndipo wopanda inki adzafotokoza kubesi. Bambo wina anafunsa mwaulemu za ife a zitupa za alendo. Anamuyankha kuti iwo adzabwera kudzaona zala, osati kudzawerenga zitupa.

Lachinayi amalume anandiitana. Nthawi imeneyo ndinkakolopa pachipatala china chaching'ono.

"Esinati, undibweretsere magolovesi awiri a kuntchito kwanu."

"A chiyani, amalume?"

Anandionetsa kabotolo ka utoto wofiira wa nsalu, kamene mayi wina wa kufakitale anawapatsa, ndi kena ka jivi, mankhwala a pabala aja. Ndinamvetsa nthawi yomweyo.

"Limeneli ndi bodza," ndinatero. "Ndipo magolovesi si anga. Mukufuna ndibe kuti ndithandize kunama?"

"Mkamwini wangayu alibe inki. Ukufuna akapereke umboni wa choonadi kubesi?"

"Mulungu adzawateteza."

"Ee, adzawateteza. Nanga ukuganiza kuti utotowu wandipatsa ndani?"

Ndinakana. Ndikulemba izi kuti zidziwike: ndinakana magolovesi, n'kudziona wolungama, koma mumtima ndikuyembekezera kuti amuna anga apakidwa ndithu. Ndinkafuna chipulumutso chidze pakhomo panga popanda dzanja langa kudetsedwa.

Lachisanu m'mawa ndinakavota. Nditabwerera, amalume anagwira kachala kanga n'kukayang'ana padzuwa nthawi yaitali, monga ankayang'anira chala chodwala. Anaona kuti inki yeniyeni sikhala pamwamba pokha. Imalowa pansi pa chikhadabo, imada kwambiri patsinde pomwe pali kakhungu kaja, n'kumapepuka chakumtunda. Anasakaniza utoto m'kachivundikiro, kadontho ka jivi, madzi a mandimu, akuyerekeza ndi chala changa, mpaka mitundu inafanana. Ine ndinangoimirira, dzanja lili m'manja mwawo, ndikudziuza kuti kupereka chala kuti achione si tchimo.

Lachisanu linali kale tsiku lawo lotanganidwa, poti Asilamu ambiri amawenga zikhadabo asanapite kumzikiti, choncho palibe anadabwa kuona anthu akulowa kuseri mmodzimmodzi. Aliyense ankamuviika m'madzi ofunda, n'kuchotsa mafuta pachikhadabo ndi ndimu, n'kuchikhutha pang'ono ndi fayilo kuti utoto ugwire, n'kukankha kakhungu kuti ulowe m'mphepete, kenako n'kuviika. Kachala ankakagwira ndi chala chawo chachikulu ndi cha mkombaphala mpaka kaume. A Laisoni anali achitatu. Pofika madzulo anali atapaka anthu khumi ndi anayi. Utoto wotsala anakautaya m'chimbudzi, kabotolo n'kukaphwanya.

Okha sanadzipake. Ndinawafunsa chifukwa. Anati Pfupajena yense akudziwa kuti Che Bwanali sanavotepo chibadwire, ndipo akaoneka ndi kachala kofiira, anthu ayamba kukayikira zala zonse za mumsewu muno.

Loweruka m'mawa ndinawapeza atakhala pansi, beseni lili pakati pa miyendo, akukhula manja ndi mwala. Zala zazikulu zonse ziwiri ndi za mkombaphala zinali zofiira psuu, mpaka m'mizere ya khungu. Anali atayesa mandimu, phulusa, palafini, ndi mankhwala oyeretsera zovala. Munthu amene ankachotsa utoto m'zala za anthu a kufakitale anali ataupanga wake bwino kwambiri moti unamukana mwini wake.

"Viikani manja onse mu utoto," ndinatero. "Tinena kuti mumanyika nsalu."

"Utoto uti? Uli m'chimbudzi."

Anandipatsa sizasi kuti ndiwenge zikhadabo zinayizo mpaka pamnofu. Ndinawenga, koma kufiira kunali m'khungu. Za magolovesi sanatchule. Bwenzi atatchula, mwina ndikanapepukidwa.

Anafika dzuwa litakwera pang'ono, asanu, wamkulu wawo atanyamula thabwa. Ankalankhula Chishona, m'mene nkhalamba imatchedwa mudhara kapena sekuru. Ine ndinaonetsa chala, anagwedeza mutu. A Laisoni anaonetsa chawo. Wamkulu uja anachigwira, anachipaka malovu, anachikhula ndi malaya ake. Sichinasinthe. Anachisiya. Ndinayamba kuthokoza chamumtima. Kenako mmodzi anasuzumira kuseri.

"Nanga mudhara uyu? Sekuru, manja."

Amalume anatambasula manja onse awiri pamaondo, mosabisa. Anyamata aja anayang'ana tizala tating'ono toyera, n'kuyang'ana zinayi zofiirazo.

"Ichi n'chiyani, mudhara?"

"Ine ndavota kanayi, ana anga. Inu kamodzi kokha. Wokhulupirika ndani pamenepa?"

Awiri anaseka. Wamkulu uja sanaseke. Anawerama, n'kugwira chala chachikulu cha amalume, n'kuchiphatikiza ndi cha mkombaphala, monga munthu agwirira kanthu kakang'ono. Anayang'ana mpata wa pakati pake nthawi yaitali.

"Mumagwira chiyani apa, sekuru? Mwapaka ndani?"

"Akwati."

"Nyamukani."

Anavala kofia yawo, anandiuza kuti ndiphule kapoto pamoto madzi angaphwere, n'kutsogola.

Masiku awiri otsatirawo sindidzawaiwala. Anthu khumi ndi anayi, ndi akazi awo ndi ana awo, tonse tinkadikira chinthu chimodzi: kodi nkhalamba ya chifuwa chofooka ipirira mpaka liti isanatchule maina? Aliyense ankadziwa kuti wonamizira inki adzalangidwa kuposa wopanda inki. Galu akauwa, tinkaima. Geti likalira, a Laisoni ankadzuka pampando. Kawiri konse anavala jekete kuti akadzipereke, akuti nkhalamba isafere iwo, ndipo kawiri konse ndinaima pakhomo n'kuwauza kuti akapita, awonjezera dzina limodzi pa zimene anyamata akufuna, osachotsapo chikwapu ngakhale chimodzi pa amalume. Sindikudziwa ngati ndinanena zimenezo chifukwa cha nzeru kapena mantha.

Lamulungu tinapita kutchalitchi, poti kusapita kukanaoneka. Pa nyimbo yachiwiri anthu anakweza manja. Ndinayang'ana manjawo. Tizala tofiira tinali paliponse, koma ine ndinkatha kuloza popanda kufunsa kuti uyu, uyu ndi uyo adutsa m'manja mwa amalume. Amuna okumba maenje, osenza matumba, manja okhakhala ngati khungwa, koma zikhadabo zonse khumi zowengedwa bwino, zozungulira, zonyezimira mafuta a nsatsi, kakhungu kali m'malo mwake. Amalume sanathe kugwira dzanja la munthu n'kulisiya losasamalika. Anapaka kachala kamodzi, n'kukonza zonse, monga mwa chizolowezi chawo. Maina amene iwo ankakana kutchula kubesi anali atalembedwa pa manja a eni ake, kuti aliyense wa maso awerenge.

Ndinanong'oneza mayi amene ndinakhala naye pafupi, iye n'kunong'oneza mnzake. Mapemphero asanathe, amuna anayamba kutuluka mmodzimmodzi ngati opita kuchimbudzi. Masana amenewo mumsewu wathu munagwiridwa ntchito zimene zinadikira zaka. Wina anafukula ngalande ndi manja. Wina anamasula tcheni cha njinga chimene chinalibe vuto. A Laisoni anakanda khoma la simenti mpaka zikhadabo ziwiri zinang'ambika, kenako anakanya matope a kudimba, akusamala kachala kamodzi kokha. Ndinawaona akulira uku akuchita zimenezo. Anati akuwononga ntchito yomaliza ya amalume, ndipo sanadziwe kuti akunena zoona.

Madzulo a tsikulo ndinatsegula Malemba, ndikufuna mawu ondiweruza kapena ondimasula. Ndinakumbukira azamba awiri aja a ku Iguputo amene ananamiza mfumu kuti ana aamuna akhale ndi moyo, ndipo Mulungu anawachitira zabwino. Ndinakumbukira mkazi uja wa ku Yeriko amene anabisa alendo padenga. Nkhani zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, ndinkaziphunzitsa ana a Sande sukulu. Lachinayi lija sizinandifike m'mutu. Zinafika kwa munthu amene sanaziwerengepo.

Lolemba chakumasana, bambo wina wogulitsa makala anawabweretsa pawilibala. Anawapeza atakhala m'mphepete mwa msewu. Nkhope inali bwino. Manja ndiwo sindinawazindikire. Anali atatupa ngati mikate, akuda, zala zitapindikira kosayenera, zikhadabo zitatu palibe. Kubesi anawauza kuti aike manja patebulo, n'kumamenya ndi thabwa, funso lililonse kamodzi.

Tinawagoneka. A Laisoni anagwada pambali pa mphasa, ndipo anafunsa chimene tonse tinkaopa kufunsa.

"Amalume, mwatchula?"

"Ndatchula, mkamwini. Munthu ungapirire zimene zija? Ndatchula onse."

Ine ndinagwira khoma.

"Ndatchula Sikisipensi. Ndatchula Foloko, ndi Jemusi Wamtali, ndi Mabvuto wa ku Dedza, ndi Saidi amene ankaimba pansi pa mgodi. Khumi ndi anayi ndithu, ndipo alemba m'buku mwawo. Akawafune. Onse ali pamodzi, kuseri kwa mgodi ku Kadoma, agona m'mizere."

Anali maina a anzawo amene anafera pansi kapena ndi chifuwa, zaka makumi anayi zapitazo. Anati poyamba ankangofuna chonena kuti thabwa liime, koma atayamba kuwatchula anaona ngati abwera kudzakhala nawo m'chipindamo, ndipo ululu unachepa. Anyamata aja anazungulira Pfupajena masiku angapo akufunsa za Sikisipensi ndi Foloko. Palibe anawadziwa. Kenako mphepo inasintha, besi inatsekedwa, ndipo palibe mmodzi mwa khumi ndi anayi aja amene anagwidwa.

Zala zinapola mokhota. Sanagwirenso sizasi. Supuni ankaigwira ndi manja awiri, ndipo posamba asanapemphere ndinkawathirira madzi ndine, ine yemwe ndinkati mapemphero awo safika. Titasamukira ku Rimuka, poopa kukumana ndi nkhope zija pamsika, ndinayamba kuwawenga zikhadabo zisanu ndi ziwiri zotsalazo. Ankandilangiza mokalipa: pang'onopang'ono, mbali imodzi, usadule pamenepo. Tsiku lina ndili mkati mowenga ndinawapepesa za magolovesi. Iwo anati, "Abusa, ukanandipatsa, bwenzi lero ukulira kuti unaba. Iwe kulira sikukusowa chifukwa. Malizitsa chala ichi."

Sindinawatembenuze. Ndinasiya kuyesa. Kumene ali sindikudziwa, ndipo si ine woweruza. Ndikungodziwa kuti Ambuye anati palibe chikondi choposa cha munthu wotaya moyo wake chifukwa cha anzake, ndipo sanafunse kuti munthuyo amavala chipewa chanji. Manja aja ndiwo anali moyo wa amalume.

Kuno ku Rimuka ankakonda kukhala pambali pa nyumba, kumene dzuwa la m'mawa limagunda khoma, chifukwa kuzizira kunkawalowa m'mafupa othyoka aja. Ankaika manja pakhomapo kuti afunde. Mpando wobwereka umene ankakhalira tinaubweza kwa eni ake, koma miyendo yake inasiya timaenje tinayi m'dothi, ndipo mvula ikagwa mumadzaza madzi. Pakhoma, pa msinkhu wa munthu wokhala pansi, laimu anada malo awiri oyandikana, pomwe zikhato zinkatsamira. Mwini nyumba wanena kawiri kuti akufuna kupaka laimu watsopano. A Laisoni amamuyankha kuti adikire mvula ithe, ndipo mvula ikatha amati adikire chisanu chidutse. M'mawa uliwonse asanapite kokasaka ganyu amaima pamenepo ndi kapu ya tiyi, osakhala pansi, osalankhula. Nkhuku zimafukula paliponse pabwalo, koma ana aphunzira okha kuzithamangitsa zikafika pamalo amenewo.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akusungeni polowa ndi potuluka. Asalole kuti manja anu aikidwe patebulo la anthu ankhanza, kapena kuti akhale manja ogwira thabwa. Tsiku limene mnansi wanu adzakupempheni kanthu kakang'ono kuti apulumutse wina, akupatseni mtima wofulumira kuposa wanga. Ndipo mantha akadzabweranso m'misewu yathu, akuikireni pafupi munthu wogwira dzanja lanu mofatsa, kaya ndi wa chipembedzo chanu kaya ayi. Mtendere ukhale pa inu ndi pa nyumba zanu. Ameni.